Bwato lachisanu lili kuti? Za timabuku ta ana tophunzitsa kuwerenga zinthu

Sabata ino tiyeni tisiyeko kaye ndakatulo ndi manovelo, tikambe za kabuku kamene ambirife timakaderera: kabuku ka zithunzi kophunzitsa mwana kuwerenga zinthu, kuyambira chimodzi kufika khumi. Mwina mukuti, aaa, nazonso n'zolemba zimenezo? Masamba khumi ndi awiri, mawu osakwana n'komwe makumi asanu, basi? Dekhani kaye. Mwana amene wachita mwayi wogwira buku asanalowe Sitandade 1, nthawi zambiri buku lakelo limakhala la mtundu umenewu. Likamutopetsa, amasunga mumtima kuti buku n'chinthu chotopetsa. Pakapita zaka makumi awiri, ife tomwe timadzakhala pano n'kumadandaula kuti Amalawi sakonda kuwerenga. Paja m'mera mpoyamba.

Chichewa chinatichitira zabwino pa mawu amodzi. Mwana akamatchula zilembo za pabolodi timati akuwerenga. Mayi akaima pakhomo pa khola madzulo n'kumaona ngati nkhuku zalowa zonse, timatinso akuwerenga. Chingerezi chili ndi mawu awiri osiyana pa ntchito ziwirizi, ife tili ndi amodzi, ndipo kabuku tikunenaka ndi pamene ntchito ziwirizi zimakumanirana. Ndiye funso nali: n'chiyani chimachititsa mwana wa zaka zitatu, zinayi kapena zisanu kuti buku likatha anene kuti "tiyambirenso"? Yankho langa ndi lakuti mwana amasangalala nambala ikakhala ndi ntchito m'nkhanimo, ndipo ntchitoyo akuigwira yekha ndi chala chake. Zitsanzo zambiri nditenga ku Mangochi, chifukwa kugombe la nyanja anthu amayamba kuwerenga zinthu mbandakucha, ndipo sawerenga mwamasewera.

Tiyambe ndi zomwe mumazipeza kawirikawiri m'mashopu a mabuku ndi pamakoma a sukulu za mkaka. Tsamba loyamba: 1, apulo imodzi. Lachiwiri: 2, mipira iwiri. Lachitatu: 3, maambulera atatu. Mitundu yowala bwino, pepala losalala, mtengo wakenso wosalala ayi. Koma tafunsani, apulo ija yapita kuti pamene mipira ikubwera? Nanga akufuna maambulera atatuwo ndani? Mutang'amba masamba onse n'kuwasakaniza, palibe chingatayike kupatula ndondomeko ya manambala. Imeneyi ndi tchati ya pakhoma yosokedwa ngati buku. Mwana amaivundukula kamodzi, kawiri, kenako n'kuisandutsa chokupizira mphepo. Simungamudzudzulenso, kutentha kwa ku Mangochi mu Okutobala mukukudziwa.

Mabuku otere amalimbikitsa kuloweza. Mwana wa zaka zitatu akhoza kuimba "wani, thu, fili, folo" mpaka twente, makolo n'kuomba m'manja kuti tabereka dokotala. Koma mukamuuza kuti tandipatsa malambe atatu, amabwera ndi odzaza manja onse awiri. Akatswiri awiri a ku America, Rochel Gelman ndi C. R. Gallistel, m'buku lawo la 1978 lotchedwa The Child's Understanding of Number, anatchula zinthu zisanu zimene mwana amayenera kuzigwira kuti tinene kuti akuwerengadi. Chinthu chilichonse chilandire nambala imodzi yokha, osadumpha china, osabwereza china. Manambala azibwera m'ndondomeko imodzimodzi nthawi zonse. Nambala yomaliza kuitchula ndiyo ikunena kuchuluka kwa zonse. Zinthu zosafanana zingawerengedwe pamodzi. Ndipo kaya wayambira kumanja kaya kumanzere, yankho silisintha. Mwa zisanuzi, tchati imathandiza pa chachiwiri chokha. Zinazo mwana amazipeza pokhapokha akakhala ndi chifukwa choti aloze, alakwitse, abwererenso.

Chifukwa chimenecho chimachokera m'nkhani. Tengani mabuku awiri otchuka okamba za kum'mawa kwa Africa. Loyamba ndi Moja Means One, lolembedwa ndi Muriel Feelings, zithunzi anajambula Tom Feelings, lomwe linatuluka mu 1971. Limaphunzitsa manambala a Chiswahili kufika khumi, ndipo nambala iliyonse imabwera ndi kanthu kena ka moyo wa kumeneko, kuyambira phiri la Kilimanjaro. Zithunzi zake n'zokongola zedi, ndipo bukuli linachita ntchito yaikulu posonyeza ana akuda a ku America kuti Africa ili ndi zilankhulo ndi ulemu wake. Komabe tsamba lililonse limaima palokha ngati zinthu za m'nyumba yosungiramo zakale. Wamkulu amalikonda kuposa mwana. Lachiwiri ndi Handa's Hen la Eileen Browne, la mu 2002, lomwe nkhani yake ikuchitikira ku Kenya. Nkhuku ya agogo yasowa. Atsikana awiri akuifunafuna, ndipo kulikonse kumene asuzumira akupeza zina: agulugufe awiri, mbewa zitatu, abuluzi anayi, mpaka pomaliza aipeza nkhukuyo ili ndi anapiye khumi. Apa mwana amafulumira kutsegula tsamba lotsatira chifukwa nkhuku sinapezeke. Manambala akungomuperekeza pa ulendo umene mtima wake wauyamba kale.

Tsopano taganizani buku la kwathu. Dzuwa likulowa pagombe la Msaka kapena la Malembo. Mabwato asanu ali pamchenga. Tsamba lililonse, bwato limodzi likukankhidwira m'madzi. Atsala anayi. Atsala atatu. Awiri. Limodzi. Gombe langoti pululu. Tsamba lotsatira ndi usiku, nyanja yakuda bii, nyali zisanu zikuthwanima patali monga zimaonekera asodzi a usipa akakhala pantchito. Kenako mwera wayamba kuwomba. M'mawa kamtsikana kaima ndi agogo ake, kakuwerenga obwerera: limodzi, awiri, atatu, anayi. Anayi basi. La bambo ake silikuoneka.

Pamenepa simufunika kumuuza mwana kuti awerengenso. Awerenganso yekha, ayambira uku, ayambiranso uko, ndipo apezabe anayi. Waphunzira kuti nambala yomaliza ndiyo yankho, kuti poyambira sipasintha kanthu, ndiponso kuti zinayi zimaperewera chimodzi kuti zikhale zisanu, zonsezi popanda kumva mawu oti masamu. Umu ndi mmene anthu a kugombe amawerengera tsiku ndi tsiku, ndipo mwana wa ku Makanjira kapena ku Monkey Bay waziona ndi maso ake. Koma chonde alembi, musaphe munthu m'buku la mwana wa zaka zinayi. Mupatseni tsamba limodzi la nyanja yopanda kanthu, nkhwazi yokha ili pamwala, mtima uthamangeko pang'ono. Kenako bwato lachisanu litulukire kuseri kwa chilumba, likuyenda pang'onopang'ono chifukwa lalemedwa ndi nsomba. Mantha ochepa amene amatha bwino ndiwo amachititsa mwana kupempha buku lomwelo mawa, ndi mkucha.

Tibwere kwa ojambula, chifukwa m'buku lotere wojambula ndiye mlembi wamkulu. Eric Carle, m'buku lake la 1969 lotchedwa The Very Hungry Caterpillar, anaboola timabowo m'masamba, kabowo kamodzi pa chipatso chilichonse chimene kambozi kadya. Kabowoko n'kokwana chala cha mwana. Ndi nzeru yosavuta koma yaikulu, chifukwa chala sichingalowe m'mabowo awiri nthawi imodzi, ndiye lamulo lija loti chinthu chimodzi nambala imodzi likudziphunzitsa lokha. Ife mwina tilibe ndalama zoboolera masamba ku makina osindikizira, koma phunziro lake n'laulere: chinthu chilichonse chowerengedwa chikhale ndi malo ake oti chala chiterepo. Nsomba zisanu zosanjikizana, ina kungooneka mchira wokha, zimasokoneza mwana. Nkhuku zitatu kutsogolo, ina yachinayi ikudutsa kumbuyo chifukwa wojambula amafuna kudzaza malo, ndiye kuti bukulo likunama, ndipo ana amagwira bodza lotere msanga kuposa mkonzi.

Palinso zinthu zosayenera kuziwerenga chimodzichimodzi. Wojambula amene sanafikeko kunyanja akhoza kuika usipa usanu ndi uwiri pa tsamba, atauyala bwinobwino. Mwana wa msodzi aseka, chifukwa usipa amagulitsa pamulu kapena pandowa. Zowerenga ndi chambo, kampango, mlamba. Usipa muusungire tsamba lomaliza, thandala lonse lodzaza mbuu, pansi pake funso loti nanga uwu ndi ungati? Ana amakonda kufika pamene manambala awo athera. Amayamba ndi mtima wonse, n'kufika pa khumi, n'kuyang'anana, n'kuphulika kuseka.

Kumveka bwino kwa chithunzi sikutanthauza kuti tsamba likhale louma. Mitsumasa Anno wa ku Japan anapanga Anno's Counting Book, buku lopanda nkhani yolembedwa. Limayambira pa ziro, dera lopanda kanthu, mtsinje wokha ukudutsa m'chipale chofewa. Tsamba lililonse malo ndi omwewo, koma nyumba, mitengo, anthu ndi ziweto zikuwonjezeka mpaka pa 12, ndipo miyezi nayo ikusintha. Pa tsamba la 3 mwana amapeza nyumba zitatu lero, mawa n'kutulukira kuti palinso zina zitatuzitatu zimene dzulo sanazione. Buku lotere silitha msanga. Taganizani gombe limodzi lojambulidwa motero, pansi pa mlambe womwewo, kuyambira m'dzinja mpaka m'chilimwe: mabwato, nkhafi, abakha, madengu, ana osambira. Chachikulu chioneke poyera, zing'onozing'ono zibisale kuti mwana wa maso akuthwa adzitamandire nazo.

Tsopano chilankhulo, pomwe omasulira mabuku akunja amapunthwa kwambiri. M'Chingerezi nambala sisintha, kaya ndi ya nsomba kaya ya anthu. Kwathu nambala imavala malaya a chinthu chimene ikuwerenga: nsomba imodzi, nsomba ziwiri, bwato limodzi, mabwato awiri, mlambe umodzi, milambe iwiri, kamwana kamodzi, tiana tiwiri. Tanenani mokweza kuti "timbalame titatu tating'ono", mumve mmene lilime likuvinira. Nyimbo ya Chichewa ili kumayambiriro kwa mawu. Mlembi amene akuvutika kufananitsa mathero a mizere, ngati mmene zimakhalira m'timabuku ta Chingerezi, akusiya ng'oma yake pakhomo n'kukabwereka ya eni. Sankhani zinthu za magulu osiyanasiyana a mayina kuti mwana amve awiri, iwiri, ziwiri, tiwiri, mpaka azindikire yekha kuti m'kati monsemo muli kanthu kamodzi kosasintha.

Tikadutsa zisanu, manambala athu amatalika: zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri, mpaka zisanu ndi zinayi. Ena amati n'zolemetsa mwana, bola sikisi, seveni, eyiti, naini. Ine ndikuona mphatso pamenepa. Mawu oti "zisanu ndi zitatu" akumuuza kale mwana kuti eyiti ndi dzanja limodzi lathunthu ndi zala zitatu za dzanja linalo, chinthu chimene mawu a Chingerezi sanena. Cholakwa chimakhala cha wojambula amene wamwaza nkhwazi zisanu ndi zitatu tsamba lonse. Ikani zisanu pamtengo uwu, zitatu pamtengo uwo, khutu ndi diso zigwirizane. Ku Mangochi izi n'zofunika kawiri, chifukwa ana ambiri kumeneko amayamwa Chiyao, ndipo Chiyao nachonso chimamangira pa zisanu: mcheche, msano, kenako msano ndi zowonjezera mpaka likumi. Mwana wa ku Namwera amene Chichewa akuchiphunzira kumene akaona zisanu apa ndi zitatu apo, waona chinthu chimene chilankhulo cha amayi ake chimanenanso. Mlembi wanzeru angaike mawu a Chichewa ndi a Chiyao pa tsamba limodzi. Mawuwo ndi ochepa, malo alipo.

Nanga wani, thu, fili tizimuthamangitsa? Ayi ndithu. Pamsika wa pa boma ku Mangochi palibe amene amatchula mtengo wa nsomba kuti makwacha zikwi zisanu, aliyense amati faifi sauzande. Mwana ayenera kudziwa zonse. Lembani chizindikiro cha nambala chachikulu pakona pa tsamba, 4 akhale 4, kuti wowerengera mwanayo athe kunena folo, zinayi kapena mcheche, malinga ndi nyumba yake. Koma chiganizo cha nkhani chikhale m'chilankhulo chathu, chifukwa ndi mmene muli kukoma.

Pali mphatso inanso imene sitiigwiritsa ntchito. M'buku la Carle lija, kambozi kamadya chipatso chimodzi Lolemba, ziwiri tsiku lotsatira, mpaka malalanje asanu tsiku lachisanu. Mwana wa ku London sangamve ubale uliwonse pakati pa dzina la tsiku ndi nambala ya zipatso. Wathu akumva: Lachiwiri ziwiri, Lachitatu zitatu, Lachinayi zinayi, Lachisanu zisanu. Masiku athu a sabata ndi buku lowerengera lopangidwa kale, likungodikira woti alijambule. Ikanimo mango, nthochi, bwemba, malambe, ndi pusi wakuba amene akubwera tsiku lililonse, muone ngati ana sakugwa nako kuseka.

Chenjezo limodzi kwa inu amene mwayamba kale kuganiza za nyanja. Pali nyanja ya alendo ndi nyanja ya eni ake. Ya alendo ndi ija ya pa mapositikhadi a ku Cape Maclear: mbuna za mitundumitundu, dzuwa likulowa, mchenga wopanda phazi la munthu. Mbuna n'zokongoladi, ndipo ndi zina mwa zimene zinachititsa UNESCO kuika Lake Malawi National Park pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Ziloweni m'buku, zimathandizanso kusonyeza kuti nsomba yabuluu ndi yachikasu zingawerengedwe pamodzi. Koma mwana wa m'mudzi wa Chembe amadziwa zambiri kuposa pamenepo. Amadziwa ukonde ukusokedwa pamthunzi, njinga za kabaza zikuwoloka mlatho wa Bakili Muluzi, azibambo ali pa bawo akugawa njere m'maenje imodziimodzi, azichemwali ake ali pa phada akutola mwala umodzi, kenako iwiri, kenako itatu. Bawo ndi phada ndi masamu amene mwanayo amawaonerera asanadziwe chilembo chilichonse. Ndipo mlembi ndi wojambula azikambirana. Mukalemba kuti kambuzi, wojambula wa ku Lilongwe akujambulirani kamwana ka mbuzi kapena tsabola, pamene mwana wa ku Malombe akudikira nsomba.

Mwina wina wa ku Mzimba kapena ku Dedza akuti, nanga ana athu amene nyanja sanaionepo? Ana amakonda zachilendo, bola pakhale chodziwika choti agwirire. Agogo, nkhuku, nsima, mantha oti bambo achedwa, izi n'za kulikonse. Pa tsamba limodzi chachilendo chikhale chimodzi. Vuto la mabuku a apulo ndi sitima za pansi pa nthaka ndi lakuti chilichonse m'menemo n'chachilendo, ndiye mwana akulimbana ndi dzina la chinthu, chilankhulo ndi nambala nthawi imodzi.

Pomaliza, kumbukirani amene adzagwire bukulo. Nthawi zambiri sadzakhala mayi ndi mwana mmodzi pampando wa sofa. Adzakhala mlezi wa pa sukulu ya m'mera mpoyamba, wongodzipereka, ana ambirimbiri atakhala pamphasa, buku limodzi. Choncho zithunzi zikhale zazikulu zoti wakumbuyo aone. Pakhale mawu obwerezabwereza oti ana onse ayankhe pamodzi, monga timayankhira kuti tilitonse pa nthano. Funso limodzi lobwera tsamba lililonse, loti atsala angati, likwanira. Ndipo zithunzi zinyamule nkhani yonse, kuti agogo amene sanapite kusukulu athe kulitsegula n'kuwerenga ndi mdzukulu wawo. Zilembo sangazitchule, koma mabwato angawawerenge, ndipo m'Chichewa kumeneko n'kuwerenga ndithu.

Ena anena kuti masiku ano kuli matabuleti. Zoona, pulogalamu ya masamu ya onebillion ya m'Chichewa inayesedwa pa sukulu ya Biwi ku Lilongwe mu 2013, ndipo matabuleti afika m'sukulu zambiri za boma. Taonani kuti nawonso mphamvu yawo ili pa chala cha mwana. Koma tabuleti imatsala kusukulu, ndipo wa zaka zitatu sanafikeko. Kabuku kamagona m'nyumba, kamanyowa, kamang'ambika, kamabwerekedwa kwa aneba. Njira zotulutsira timabuku zilipo. National Library Service inatulutsapo mabuku a ana a Werengani, ndipo African Storybook ya ku South Africa imalola aliyense kuikapo nkhani yake pa intaneti kuti ena awerenge, amasulire ndi kusindikiza mwaulere. Chimene chikuchepa ndi alembi amene amaiona ntchitoyi ngati yolemekezeka.

Ndiye inu amene mukufuna kuyesa, nayi njira yoyezera ntchito yanu, ndipo siifuna komiti. Jambulani masambawo ngakhale ndi pensulo, mupatse mwana wa zaka zinayi, inu mukhale chete. Yang'anani chala chake. Chikatera pa chithunzi n'kuyamba kuyenda chokha, muli panjira. Akafika kumapeto n'kubwerera kukaona ngati bwato lija linalipodi pachiyambi, mwalemba buku. Akayamba kukupiza nalo mphepo, musakwiye, bwererani mukafunse kuti m'nkhani yanuyo ndani akufuna kudziwa nambalayo, ndipo chimuchitikire n'chiyani ikaperewera.

Anzathu a ku Mangochi, Monkey Bay, Makanjira ndi Malindi, tiuzeni: kwanuko ana amayamba kuwerenga chiyani asanaone bolodi? A kumapiri ndi a kuchigwa, nanunso tchulani zanu. Ojambula muli m'gulu muno, dzionetseni, alembi akukufunani.